Wapolisi akapha munthu ndi mfuti, bokosi ndi ufa sizitseka mlandu

Munthu akaomberedwa ndi wapolisi n'kumwalira, zotsatira zake kawirikawiri zimakhala zodziwika kale. Thupi limakagonekedwa ku nyumba ya chisoni, uthenga umafika kumudzi, amfumu ndi mwinimbumba amathamangira kupolisi, ndipo pofika tsiku loika pamabwera galimoto itanyamula bokosi, thumba la ufa ndi kandalama ka chipepeso. Anamfedwa amalandira, chifukwa maliro sadikira ndipo anthu amene agona pasiwa afunika kudya. Kulandirako sikulakwa. Cholakwika chimabwera pamene banja layamba kukhulupirira kuti nkhani yathera pomwepo, kapena kuti boma ndi boma, munthu wamba wa ku Thumbwe kapena ku Namitambo ku Chiradzulu sangaimirire nalo pabwalo limodzi. Malamulo a dziko lino satero. Ngati wapolisi wapha munthu popanda chifukwa chimene lamulo limavomereza, boma limakhala ndi ngongole kwa amasiye, ndipo ngongoleyo imaitanitsidwa kukhothi. Chipukuta misozi chotere sichichokera m'chifundo cha akuluakulu apolisi. Ndi ufulu wa banja, ndipo ufuluwo umapezeka kapena kutayika malinga ndi zimene banjalo lachita m'masiku ndi miyezi yoyamba.

Anthu a ku Chiradzulu akudziwa bwino momwe zinthu zimakhalira mfuti ya boma ikakhala yosafunsidwa. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe adaomberedwa ndi apolisi a atsamunda ku Mulanje pa 3 Febuluwale 1915, ndipo adamuika mwachinsinsi, abale ake osapatsidwa thupi ngakhale mpata wofunsa. Malamulo aakulu a dziko amene tidalandira mu 1994 adalembedwa kuti zotere zisamachitikenso. Amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo ndipo palibe wololedwa kumulanda moyowo mwachisawawa, ngakhale pa nthawi imene dziko lili pa chipwirikiti. Amanenanso kuti munthu amene ufulu wake waphwanyidwa ali ndi ufulu wopita kukhothi, ndipo khothi lili ndi mphamvu yolamula kuti alipidwe. Komabe mfuti sidasiye kulira m'malo osayenera. Fanikiso Phiri, wophunzira wa ku Chancellor College, adaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi ku Zomba mu 2001. Kamtsikana Epiphania Bonjesi kadaomberedwa ku Chilobwe mu 2004. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira padafa anthu 20. Choncho kudziwa njira zimene lamulo lidatsegulira anamfedwa si nkhani ya maloya okha.

Funso loyamba limene khothi limafunsa ndi lakuti: kodi wapolisiyo adali ndi chifukwa chovomerezeka chowombera? Lamulo la apolisi la 2010 silipereka mfuti kuti iziombedwa paliponse pamene munthu wathawa kapena wayankha mwamwano. Limalola mfuti pa zochitika zowerengeka, monga pamene munthu amene ali m'manja mwa apolisi pa mlandu waukulu akuthawa, kapena pamene wina akugwiritsa ntchito mphamvu kuti alanditse womangidwa kapena kuti aletse kumangidwa. Ngakhale pamenepo pali malire. Wothawa amayenera kuchenjezedwa kaye, ndipo pakhale poti palibe njira ina yomugwirira. Pa wolimbana ndi apolisi, payenera kukhala chiopsezo chenicheni chakuti wapolisi kapena munthu wina avulazidwa kwambiri. Lamulolo limawonjezera kuti cholinga chowombera chikhale kufooketsa munthuyo, osati kumupha. Mfundo za bungwe la United Nations za 1990 zokhudza mfuti za apolisi zimanenanso chimodzimodzi, kuti kuwombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha ngati palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wanjinga yamoto amene waopa kulandidwa njinga chifukwa alibe laisensi, wadutsa pa rodibuloko osaima, ndipo wawomberedwa kumsana. Iye walakwira malamulo a pamsewu, koma sadaopseze moyo wa aliyense, ndipo kulakwa kotero sikuloleza chipolopolo.

Apa pamabuka mawu amene amafooketsa mabanja ambiri: "Komatu anali wakuba." Anthu otopa ndi umbava amaona ngati wapolisi wawathandiza, ndipo achibale amachita manyazi kufunsa. Kutopa ndi akuba n'komveka, pakuti amene adaberedwapo mbuzi kapena njinga amadziwa kuwawa kwake. Koma woweruza kuti munthu ndi wakuba ndi khothi, ndipo mpaka khothi litagamula, lamulo limamutenga kuti ndi wosalakwa. Ngakhale khothi likadamupeza wolakwa, chilango cha kuba si imfa. Tikalola kuti mawu oti "wakuba" azikwanira kutseka nkhani, ndiye kuti wapolisi aliyense amene wapha munthu molakwika ali ndi pothawira, chifukwa wakufa sadziyankhira. N'zoona kuti ngati malemuyo adali ndi mfuti kapena chikwanje ndipo amalimbana ndi apolisi, khothi likhoza kugamula kuti wapolisi amadziteteza, banja osalandira kanthu. Koma zimenezo zimatsimikizidwa ndi umboni pamaso pa woweruza, osati ndi chikalata cha mneneri wa apolisi chimene chawerengedwa pa wailesi.

Banja liyenera kusiyanitsa njira ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi mlandu wozenga wapolisiyo chifukwa chopha munthu. Mlandu umenewu ndi wa boma, umayendetsedwa ndi ofesi ya mkulu wozenga milandu, umamvedwa kukhothi lalikulu, ndipo mathero ake ndi ndende kapena kumasulidwa. Achibale amangokhala mboni ndi okakamiza kuti nkhani isazizire. Njira yachiwiri ndi mlandu wa chipukuta misozi, ndipo uwu mwini wake ndi banja. Wosumiridwa amakhala boma kudzera mwa Attorney General, mlangizi wake wamkulu pa zamalamulo, chifukwa wapolisi ndi wantchito wa boma, ndipo wolemba ntchito amayankha pa zimene wantchito wake wachita ali pantchito. Njira ziwirizi siziyembekezana. Pa mlandu wa kupha pamafunika umboni wosasiya chikayiko chomveka, pomwe pa mlandu wa chipukuta misozi zimakwanira kuonetsa kuti nkhani ya banja ndi yokhulupirika kuposa ya boma. Motero wapolisi akhoza kukhala kuti sadamangidwe, kapena wamasulidwa, banja n'kupambanabe. Nkhani ya Buleya Lule, amene adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, imaonetsa zimenezi. Mkazi wake adasumira boma mlandu wa apolisiwo usadathe, ndipo chigamulo chopeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa mlandu wa kupha chidabwera mu 2024, patatha zaka zoposa zisanu.

Pambali pa makhothi pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kufufuza. Lamulo lija la 2010 lidakhazikitsa Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale lidayamba kugwira ntchito patatha zaka pafupifupi khumi. Mwa ntchito zake ndi kufufuza imfa iliyonse yobwera chifukwa cha zochita za apolisi ndi imfa iliyonse ya m'chitokosi. Palinso Malawi Human Rights Commission, imene imalandira madandaulo a kuphwanyidwa kwa ufulu. Majisitireti nayenso ali ndi mphamvu yoitanitsa mboni n'kufufuza chimene chapha munthu amene wafa mwa chiwawa kapena mokayikitsa, ndipo pa imfa ya m'manja mwa apolisi kafukufuku ameneyu ndi wokakamiza. Mabungwewa salipiritsa munthu kuti adandaule. Chofunika kumvetsa n'chakuti kudandaula kumeneku sikulowa m'malo mwa kusuma kukhothi. Phindu lake ndi lakuti lipoti lawo limasanduka umboni wamphamvu, ndipo nkhani imachoka m'manja mwa polisi yomweyo imene mnzawo wawombera.

Mlandu umaima kapena kugwa pa umboni, ndipo umboni wambiri umatayika maliro asadaikidwe. Malaya amene malemu adavala asachapidwe kapena kuwotchedwa. Aumitsidwe pamthunzi n'kusungidwa m'thumba la pepala, chifukwa bowo la chipolopolo limanena ngati munthu adawomberedwa kutsogolo kapena kumsana. Thupi lisadasambitsidwe, wachibale wolimba mtima ajambule mabala ndi foni, pafupi ndi patali, ndipo zithunzizo atumizeko kwa wina kuti zisafere m'foni imodzi. Ajambulidwenso malo amene munthu adagwera ndi zotsalira za zipolopolo ngati zilipo. Wina alembe m'kope tsiku, ola, malo, nambala ya galimoto ya polisi, mayina kapena maonekedwe a apolisi amene adalipo, ndi mayina a anthu amene adaona ndi maso, monga amayi ogulitsa tomato pamsika kapena anyamata a pa siteji ya kabaza. Mboni zimasamuka, zina zimachita mantha, ndipo pakatha chaka nkhani imayamba kusiyana pakamwa. Malisiti a bokosi, mayendedwe ndi chipatala asungidwe. Banja litengenso lipoti la imfa kuchipatala, kaya ndi cha boma ku Chiradzulu, cha Nguludi kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako chiphaso cha imfa ku ofesi ya kalembera wa dziko imene ili kwa DC.

Umboni woposa wonse ndi lipoti la dokotala wopima thupi, ndipo apa mpamene mabanja ambiri amazengereza. Ena safuna kuti thupi la m'bale wawo ling'ambidwe. Asilamu amafuna kuika maliro mwamsanga monga chipembedzo chimanenera. Ena amangoona kuti adzukulu akumba kale ndipo chakudya chikutha. Zifukwa zonsezi n'zolemekezeka, koma banja lidziwe chimene likutaya. Popanda lipotilo, boma likhoza kunena kuti munthuyo adagwa pagalimoto, adamenyedwa ndi gulu la anthu kapena adali wodwala kale, ndipo sipakhala chotsutsira. Pa imfa ya Buleya Lule, chimene chidasintha nkhani ndi kupima kwa Dr Charles Dzamalala, amene adapeza kuti malemuyo adaphedwa ndi mphamvu ya magetsi. Kuchedwetsa maliro ndi tsiku limodzi kapena awiri n'kopepuka poyerekeza ndi kudzafukula manda pambuyo pake molamulidwa ndi khothi. Banja lipemphe kuti wopima akhale dokotala wodziwa ntchitoyo, kuti wachibale kapena wowaimira akhalepo, ndi kuti lipatsidwe kope la zotsatira.

Tsono ndani amasuma, popeza mwini wake wagona? Lamulo limati ufulu umene malemu akadakhala nawo wosumira amene adamuvulaza sufera limodzi naye. Umalowa m'chuma cha masiye, pamodzi ndi nyumba, munda ndi ndalama za kubanki. Woimira chumacho ndi munthu amene adatchulidwa mu wilo, kapena, ngati wilo palibe, amene khothi lamupatsa kalata yoyendetsera chuma cha masiye. Kawirikawiri amakhala mkazi kapena mwamuna wa malemu, mwana wamkulu kapena kholo, ndipo ofesi ya DC ndi ya Administrator General zimathandiza kulongosola mapepala ake. Ngati papita miyezi isanu ndi umodzi popanda woimira chuma amene wasuma, amene ankadalira malemu akhoza kusuma okha. Kuno kwathu kwa chikamwini nkhaniyi imafuna kuimvetsa bwino. Atsibweni ndi mwinimbumba ali ndi malo awo olemekezeka pa maliro ndi pa zokambirana, koma umwinimbumba pawokha supatsa munthu mphamvu yosuma kapena yolandira ndalama. Amene lamulo limawaika patsogolo pa chipukuta misozi cha imfa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake ndi makolo ake. Mlandu wotere umaloledwa umodzi wokha pa imfa imodzi, choncho mayina onse alembedwe pachiyambi: akazi onse ngati adali wamitala, ndi ana onse, kuphatikizapo obadwira kunja kwa banja.

Mlandu wa mtunduwu umafuna loya, ndipo umapita kukhothi lalikulu ku Chichiri mu Blantyre, komwe si kutali ndi Chiradzulu. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene idakhazikitsidwa kuti iziimira anthu osauka, ngakhale pa milandu yosumira boma lomwelo. Bungwe la CHREAA ku Blantyre nalonso limathandiza pa nkhani za nkhanza za apolisi. Amene wasankha loya woima payekha agwirizane naye za malipiro polemba, ntchito isadayambe. Munthu asadasumire boma, lamulo limafuna kuti Attorney General alandire kalata yomudziwitsa, ndipo padutse miyezi itatu. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo pa mlandu wa kupha mawuwa ndi oona, pakuti wapolisi akhoza kuzengedwa ngakhale patapita zaka zambiri. Koma mlandu wa chipukuta misozi umawola. Pa milandu ya imfa ndi kuvulala malire ake ndi zaka zitatu, ndipo banja limene likudikira kuti apolisi amalize kaye kafukufuku wawo likhoza kudzadzidzimuka khomo litatsekedwa. Nzeru ndi kuonana ndi loya sadaka kapena kumeta kukangotha, osati pakatha chaka.

Khothi likagamula kuti boma ndi lolakwa, kapena boma likavomera lokha, kalembera wa khothi amawerengetsa ndalama. Gawo lina ndi la moyo umene wadulidwa nthawi isadakwane, ndipo limalowa m'chuma cha masiye. Gawo lina ndi lobweza zimene zidawonongedwa pa maliro ndi pa mapepala, malinga ndi malisiti. Gawo lalikulu limakhala la thandizo limene odalira malemu ataya. Khothi limaona zimene ankapeza pamwezi, limachotsapo gawo limodzi la magawo atatu ngati zimene akadadya yekha, n'kuchulukitsa zotsalazo ndi zaka zimene akadathandiza banja lake. Mwachitsanzo, ngati wakabaza uja ankapeza K150,000 pamwezi, ya banja ndi K100,000, pachaka K1,200,000, ndipo khothi likati akadathandiza kwa zaka 15, gawoli likhala K18 miliyoni. Mlimi, wogulitsa pamsika kapena waganyu asaganize kuti popeza alibe chikalata cha malipiro ndiye kuti moyo wake ulibe mtengo. Pamene umboni wa zopeza palibe, makhothi amagwiritsa ntchito malipiro ochepetsetsa amene boma lidakhazikitsa. Komabe kope la banki m'khonde, malisiti ogulitsira nandolo kapena mbiri ya ndalama za pafoni zimathandiza kuonetsa kuti ankapeza zoposa pamenepo.

Si onse ophedwa amene amakhala oganiziridwa mlandu. Mayi amene wapezedwa ndi chipolopolo chosokera ali pamsika pamene apolisi amabalalitsa anthu, kapena mwana amene chamupeza ali pakhonde, banja lawo lili ndi mlandu womveka, chifukwa kuwombera pakati pa khamu popanda kusamala ndi kulakwa ngakhale wapolisiyo sankafuna kupha iwowo. Kusadziwa dzina la wowombera sikulepheretsa kusuma. Chofunika ndi kuonetsa kuti chipolopolo chidachokera kwa apolisi ali pantchito, ndipo mabuku a kupolisi amalembedwa za amene adatenga mfuti tsikulo. Ngati wapolisiyo adali ataweruka ndipo adawombera pa mkangano wake wa kumowa, boma likhoza kukana udindo, ndipo loya adzaona ngati n'koyenera kusumira onse awiri, makamaka ngati mfutiyo idali ya boma. Pa zochitika zonsezi pali chenjezo limodzi. Wina akabwera ndi pepala loti musainire kuti mwalandira thandizo, liwerengeni kapena muwerengeredwe ndi munthu wanu, ndipo ngati likunena kuti simudzadandaulanso, musasaine musadaonane ndi loya. Kugwirizana kunja kwa khothi n'kololedwa, koma kuchitike kudzera mwa woimira chuma, ndi ndalama zowerengedwa bwino.

Ndalama zikatuluka, nkhondo ina imayambira pakhomo. Gawo la odalira malemu limagawidwa monga khothi lanenera, ndipo la ana aang'ono liyenera kusungidwa kuti liwaphunzitse ndi kuwadyetsa. Gawo lolowa m'chuma cha masiye limatsata wilo kapena lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi ena amene ankawasamala. Lamulo lomwelo lidaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu wopita nawo kundende. Woyendetsa chuma ndi wosunga chabe, ndipo akhoza kuitanidwa kukhothi kuti afotokoze momwe wagawira.

Ena amati ndalama sizidzutsa wakufa, ndipo kuzilandira kuli ngati kudya magazi a m'bale. Zoonadi sizidzutsa munthu, ndipo palibe khothi limene limanena kuti zimatero. Koma ana amene bambo awo aphedwa amafunabe fizi ndi chakudya, ndipo kukana ndalamazo sikulemekeza malemu, kumangosamutsa katundu kuchoka pa wolakwa n'kumusenzetsa wamasiye. Ena amati zolipirazo ndi misonkho yathu yomwe, wapolisi osamva kuwawa. Mfundoyi ili ndi choona, n'chifukwa chake njira yozenga wapolisiyo ndi yodandaula ku mabungwe siziyenera kusiyidwa. Komabe boma ndi limene lidamulemba ntchito, kumuphunzitsa ndi kumupatsa mfuti, ndipo boma limene likulipira pa imfa iliyonse limayamba kufunsa amene akuwombera. Enanso amati boma silipambanidwa. Mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda adagamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene adachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019, alipidwe chipukuta misozi. Adali anthu akumudzi, oimiridwa ndi bungwe la maloya aakazi. Choona n'chakuti milandu imachedwa, ndipo ngakhale chigamulo chitatuluka boma limatha kutenga nthawi yaitali lisadalipire. Kuchedwako ndi chifukwa choyambira msanga, osati chosiyira.

Ufulu umenewu uli ndi udindo wake kwa ife a m'mudzi. Mkwiyo ukabuka, anthu ena amathamangira kukagenda kapena kuwotcha polisi. Zikatero mabuku amene akadakhala umboni amapsa, mboni zimathawa poopa kumangidwa, anthu ena amavulala, ndipo nkhani imasanduka ya chipwirikiti m'malo mwa imfa ija. Apolisi ambiri amagwira ntchito yovuta mokhulupirika, ndipo iwonso amapindula wolakwa akadziwika ndi dzina. Amene adaona zimene zidachitika avomere kukhala mboni. Amfumu, abusa ndi mashehe asakakamize anamfedwa kukhululuka mwa kusaina mapepala, koma awaperekeze kwa DC ndi kwa loya. Ndipo banja lisankhe munthu mmodzi wokhulupirika wosunga kope, zithunzi, malaya ndi malisiti, kuti tsiku loima pamaso pa woweruza likafika, boma lidzayankhe pa zimene lidachita ndi mfuti yake.